Franz von Soxhlet

Franz Ritter von Soxhlet (Januwale 1848 – 5 Meyi 1926) anali katswiri wa sayansi ya makemikolo pa zaulimi, yemwe anagwira ntchito kwa zaka zambiri mumzinda wa Munich ku Germany. Amadziwika kwambiri chifukwa cha chipangizo chagalasi chimene anachifotokoza m'chaka cha 1879. Chipangizochi chimachotsa mafuta m'chakudya pogwiritsa ntchito mankhwala amadzimadzi amene amasungunula mafuta. Iye anachipanga pofuna kuyeza mafuta a mumkaka, koma masiku ano chimagwiritsidwa ntchito m'malabotale a padziko lonse poyeza mafuta a m'mbewu, m'nyama, m'nsomba komanso m'chiwindi cha nsomba. Soxhlet amakumbukiridwanso chifukwa cholimbikitsa kuti mkaka wopatsa makanda uzitenthetsedwa kaye kuti tizilombo toyambitsa matenda tife.

Ubwana ndi maphunziro

Soxhlet anabadwira mumzinda wa Brünn, m'chigawo cha Moravia, chomwe pa nthawiyo chinali pansi pa ufumu wa Austria. Mzindawu lero umatchedwa Brno ndipo uli m'dziko la Czech Republic. Banja la bambo ake linachokera ku Belgium ndipo linkachita bizinesi yopota ulusi. Brünn unali mzinda wotchuka ndi mafakitale a nsalu zaubweya wa nkhosa.

Iye sanatsatire bizinesi ya makolo ake. Anapita ku yunivesite ya Leipzig kukaphunzira sayansi ya zachilengedwe ndi zaulimi, ndipo analandira digiri ya udokotala m'chaka cha 1872. Kafukufuku amene anamupezetsa digiriyi anali wokhudza mkaka. Kuyambira pamenepo mpaka pamene anapuma pa ntchito, mkaka ndi umene unali phata la kafukufuku wake.

Pa nthawi imene Soxhlet ankaphunzira, sayansi ya zaulimi inali ikukula mofulumira m'mayiko olankhula Chijeremani. Katswiri wina, Justus von Liebig, anali atasonyeza kuti zakudya za mbewu ndi ziweto zikhoza kuyezedwa m'labotale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, ku Möckern, pafupi ndi Leipzig, kunatsegulidwa malo ochitira kafukufuku wa zaulimi, ndipo malo ena otere anatsegulidwa m'madera ambiri. Ntchito ya malowa inali kuyeza feteleza, zakudya za ziweto, mkaka ndi zokolola, kuti alimi asamanamizidwe ndi amalonda.

Ntchito ku Vienna ndi ku Munich

Atamaliza maphunziro ake, Soxhlet anagwira ntchito kwa kanthawi kochepa ku Leipzig ngati wothandizira pa kafukufuku. M'chaka cha 1873 anasamukira ku Vienna, komwe analembedwa ntchito pa malo a boma ochitira kafukufuku wa makemikolo pa zaulimi. Anakhala kumeneko pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi.

M'chaka cha 1879 anasankhidwa kukhala pulofesa pa sukulu yaukachenjede ya zaumisiri ya ku Munich, yomwe lero ndi Technical University of Munich. Anapatsidwanso udindo woyang'anira malo aakulu ochitira kafukufuku wa zaulimi m'chigawo cha Bavaria. Anagwira ntchito ku Munich kwa zaka zoposa 30, ndipo anapuma m'chaka cha 1913. Mawu akuti Ritter von amene ali m'dzina lake ndi aulemu, ndipo anawalandira ali ku Bavaria chifukwa cha ntchito yake.

Vuto loyeza mafuta a mumkaka

M'zaka za m'ma 1800, mizinda ya ku Ulaya inkakula kwambiri ndipo anthu ambiri ankagula mkaka m'malo moweta okha ng'ombe. Ogulitsa ena achinyengo ankathira madzi mumkaka, ndipo ena ankayengula kaye mafuta ake n'kugulitsa wotsalawo pa mtengo wa mkaka wabwino. Wogula sakanatha kuzindikira chinyengochi pongouyang'ana. M'chaka cha 1878, Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga makina olekanitsa mafuta ndi mkaka, ndipo makampani opanga batala anachuluka. Makampaniwa ankafuna kudziwa kuchuluka kwa mafuta mumkaka wa mlimi aliyense kuti amulipire moyenera.

Akatswiri ankadziwa kale kuti mafuta sasungunuka m'madzi koma amasungunuka m'mankhwala ena amadzimadzi monga ether. Munthu akatsuka chakudya chouma ndi ether, mafuta amachoka m'chakudyacho n'kulowa mu ether. Kenako ether akauma, mafuta amatsala okha ndipo akhoza kuikidwa pa sikelo. Vuto linali lakuti kutsuka kamodzi sikuchotsa mafuta onse. Pankafunika kutsuka mobwerezabwereza ndi ether watsopano, zomwe zinkatha nthawi komanso mankhwala ambiri. Akatswiri ena, monga Anselme Payen wa ku France, anali atapanga kale zipangizo zobwezera mankhwala omwewo pa chinthu chotsukidwa, koma m'zipangizo zambiri mankhwalawo ankangodontha n'kudutsa osanyowetsa chinthu chonsecho mofanana.

Chipangizo cha Soxhlet

Soxhlet anafotokoza chipangizo chake m'chaka cha 1879 m'magazini ya zaumisiri yotchedwa Dingler's Polytechnisches Journal, m'nkhani yokhudza kuyeza mafuta a mumkaka ndi sikelo. Iye mwini ananena kuti munthu wina wa m'labotale, dzina lake Szombathy, anathandiza pa kapangidwe ka kapaipi kamene kamakhuthula mankhwala. Ngakhale zili choncho, chipangizochi chinatchuka ndi dzina la Soxhlet.

Chipangizochi chili ndi zigawo zitatu zolumikizana, china pamwamba pa chinzake. Pansi pali botolo lagalasi lozungulira, momwe amathiramo mankhwala osungunulira mafuta, ndipo botololi limakhala pa chotenthetsera. Pakati pali kachipinda kagalasi, momwe amaikamo kathumba ka pepala lokhuthala. M'kathumbamu ndi mmene mumakhala chinthu chimene akufuna kuchotsamo mafuta, chitaumitsidwa ndi kuperedwa. Pamwamba pali paipi yagalasi yozunguliridwa ndi madzi ozizira oyenda, yomwe ntchito yake ndi kuziziritsa nthunzi.

Botolo likatentha, mankhwala amawira ndipo nthunzi yake imakwera kudzera m'kanjira ka pambali. Ikafika pa paipi yozizira, nthunziyo imasandukanso madzimadzi n'kumadonthera m'kathumba ka pepala. Pang'ono ndi pang'ono kachipinda ka pakati kamadzaza, ndipo chinthu chouma chija chimamira mumankhwala. Pambali pa kachipindaka pali kapaipi kopindika. Mankhwala akafika pamwamba pa kapaipika, onse amakhuthukira m'botolo la pansi nthawi imodzi, atanyamula mafuta amene asungunuka. Zimenezi zimachitika mofanana ndi mmene petulo amatsikira yekha kuchoka mu diramu kupita m'chigubu kudzera mu paipi yamphira, akangoyamba kuyenda.

Mafuta sawira pa kutentha kumene mankhwalawa amawira, choncho amatsalira m'botolo. Nthunzi imene imakweranso imakhala ya mankhwala oyera opanda mafuta. Motero chinthu cha m'kathumba chimatsukidwa kambirimbiri ndi mankhwala oyera, pamene kuchuluka kwa mankhwala onse kuli komwe kuja. Chipangizochi chimadzaza ndi kukhuthula chokha kwa maola angapo popanda munthu kuthiramo kanthu. Pomaliza amachotsa mankhwala m'botolo, amaumitsa zotsalazo, n'kuyeza kulemera kwake. Mwachitsanzo, ngati magalamu 10 a chinthu chouma asiya magalamu 2 a mafuta, ndiye kuti 20 peresenti ya chinthucho ndi mafuta.

Patangopita nthawi yochepa, Soxhlet anapanganso njira ina yofulumira yoyezera mafuta a mumkaka. Pa njirayi mkaka unkasakanizidwa ndi mankhwala a potashi ndi ether, kenako ankayeza kulemera kwa ether wonyamula mafutayo ndi kachipangizo koyandama. Koma m'makampani a mkaka munadzafala njira zosavuta kwambiri, monga ya Stephen Babcock wa ku America ya m'chaka cha 1890 ndi ya Niklaus Gerber wa ku Switzerland ya m'chaka cha 1892. Chipangizo cha 1879 chinapeza ntchito yaikulu pa zinthu zolimba monga mtedza, soya, nyama ndi nsomba.

Mkaka wa makanda

Pa nthawi ya moyo wake, Soxhlet ankadziwika kwambiri kwa anthu wamba chifukwa cha mkaka wa makanda. M'madera ambiri a kummwera kwa Germany amayi ochuluka sankayamwitsa ana awo, ndipo makanda ambiri ankamwalira asanakwanitse chaka. Matenda otsekula m'mimba ankapha ana ambiri makamaka m'nyengo yotentha, pamene mkaka wa ng'ombe unkawonongeka msanga. Louis Pasteur wa ku France anali atasonyeza m'zaka za m'ma 1860 kuti kutenthetsa vinyo kumapha tizilombo timene timamuwononga.

M'chaka cha 1886, Soxhlet analemba m'magazini ya madokotala ya ku Munich kuti mkaka wopatsa makanda uzitenthetsedwa, ndipo anapanga chida choti mayi aliyense azitha kuchita zimenezi kunyumba. Chidachi chinali poto wokhala ndi chimango choimikamo timabotolo tingapo. M'kabotolo kalikonse ankathiramo mkaka wokwanira kumwa mwana kamodzi, ndipo timabotoloto tinkawiritsidwa m'madzi. Pa chida chimene anachikonzanso pambuyo pake, pakamwa pa kabotolo ankaikapo kamphira kamene kankatsekeka kokha mkaka ukamazizira. Nthawi yodyetsa mwana ikakwana, ankangochotsa kamphirako n'kuikapo nsonga yoyamwira. Mkaka sunkathiridwanso m'chiwiya china, choncho tizilombo tinalibe mpata wolowamo.

Chidachi chinagulitsidwa m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America, ndipo chinathandiza kuti maganizo otenthetsa mkaka wa ana afale. Komabe chinali ndi zovuta zake. Mabanja osauka, omwe ana awo ankamwalira kwambiri, sankakwanitsa kuchigula. Komanso kuwiritsa mkaka kwa nthawi yaitali kumawononga vitamini C, yemwe pa nthawiyo anali asanadziwike. Madokotala anayamba kuona matenda a scurvy, otupitsa nkhama ndi kupweteketsa mafupa, mwa ana ena odyetsedwa mkaka wowiritsa wokhawokha. Pambuyo pake mayiko ambiri anasankha njira yotenthetsa mkaka pang'ono kwa nthawi yochepa m'malo mouwiritsa.

Kafukufuku wina

Soxhlet anafufuza mapuloteni osiyanasiyana a mumkaka, shuga wa mumkaka, komanso kusiyana kwa mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe. Anakonzanso njira yoyezera shuga ya Hermann von Fehling, ndipo mankhwala osakanizidwa motsatira malangizo ake akugwiritsidwabe ntchito poyeza shuga m'zakudya. M'chaka cha 1895 analemba lipoti lokhudza majarini, amene anapangidwa koyamba ku France m'chaka cha 1869 ndipo ankapikisana ndi batala wa alimi. Anapanganso shuga wapadera wothira m'chakudya cha makanda, yemwe ankagulitsidwa ndi dzina lake.

Chipangizochi pa mafuta a chiwindi cha nsomba

Nsomba zina za m'nyanja zamchere, monga cod ndi shaki, zimasunga mafuta ambiri m'chiwindi m'malo mwa mnofu. Pa nyengo yabwino, theka kapena kuposa apo la kulemera kwa chiwindi cha cod limakhala mafuta. Kalekale asodzi a ku Norway ankaika ziwindi m'migolo n'kuzisiya ziwole mpaka mafuta atayandama. Mafuta otere ankakhala oderako ndi onunkha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, wogulitsa mankhwala wa ku Norway, Peter Möller, anayambitsa njira yotenthetsa ziwindi zaziwisi ndi nthunzi ya madzi, ndipo mafuta ake ankatuluka oyera. Njira imeneyi ndi yoyenera pa chiwindi cha mafuta ambiri, koma siichotsa mafuta onse. Ena amatsalira m'zotsalira za chiwindi. Kuti wopanga adziwe kuchuluka kwa mafuta amene anali m'chiwindi ndi amene atayika, amafunika njira ya mankhwala osungunulira ngati ya Soxhlet.

Kufunika kwa mafutawa kunadziwika bwino Soxhlet ali wokalamba. M'chaka cha 1919, Edward Mellanby wa ku Britain anasonyeza pa ana agalu kuti mafuta a chiwindi cha cod amateteza ku matenda a rickets, amene amafewetsa ndi kupinditsa mafupa a ana. M'chaka cha 1922, Elmer McCollum wa ku America anatenthetsa mafutawa kwinaku akudutsitsamo mpweya mpaka vitamini A atawonongeka, koma mafutawo anachizabe rickets. Izi zinasonyeza kuti munali chinthu china, chomwe chinatchedwa vitamini D. Ku Japan, Mitsumaru Tsujimoto anafotokoza mu 1916 za mafuta apadera a m'chiwindi cha shaki otchedwa squalene.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunadziwika kuti chiwindi cha nsomba ya halibut chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri kuposa cha cod, ngakhale kuti mafuta ake ndi ochepa. Nthunzi yokha sinkatha kutulutsa mafuta m'chiwindi chotere chifukwa amakhala omatirira ku mapuloteni. Makampani anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala osungunulira, kapena kufewetsa kaye chiwindicho ndi mankhwala a soda. Malonda a ziwindi za halibut, tuna ndi shaki anakula mpaka m'zaka za m'ma 1940. Anadzatsika vitamini A wopangidwa m'labotale atapezeka m'chaka cha 1947 n'kuyamba kupangidwa m'mafakitale.

Poyeza chiwindi cha nsomba ndi chipangizo cha Soxhlet masiku ano, chiwindicho chimayenera kukhala chachiwisi kapena chosungidwa mufiriji, chifukwa chimawonongeka msanga. Amachidula tizidutswa n'kuchotsamo madzi, mwina pochiumitsa kapena pochisakaniza ndi mchere wa sodium sulphate umene umamwa madzi. Kuchotsa madzi n'kofunika chifukwa mankhwala ngati hexane sasakanikirana ndi madzi, ndipo sangalowe bwino m'chinthu chonyowa. Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi hexane, yemwe amawira pa madigiri pafupifupi 69, petroleum ether wowira pakati pa madigiri 40 ndi 60, ndi diethyl ether wowira pa madigiri pafupifupi 35. Chipangizocho chimayendetsedwa kwa maola angapo mpaka mankhwala okhuthuka atayamba kuoneka oyera.

Zofooka za njirayi ndi njira zina

Njira ya Soxhlet ili ndi zofooka zingapo pa mafuta a nsomba. Choyamba, mafuta amakhala pamoto kwa maola ambiri. Mafuta a omega-3, makamaka EPA ndi DHA, komanso vitamini A, amawonongeka msanga akakumana ndi kutentha, mpweya ndi kuwala. Chachiwiri, hexane ndi petroleum ether amachotsa bwino mafuta osungidwa koma amasiya mafuta ambiri a m'timakungu ta maselo otchedwa phospholipid. Chachitatu, mankhwalawa amayaka msanga ndipo nthunzi yake ndi yoipa kuipuma, motero m'labotale sagwiritsa ntchito moto wa malawi ndipo pamafunika malo otulutsa mpweya. Ngati mafutawo ndi oti anthu adye, mankhwala onse ayenera kuchotsedwamo.

Chifukwa cha zimenezi, akatswiri ena anapanga njira zosafuna kutenthetsa. M'chaka cha 1957, Jordi Folch ndi anzake ku America anafotokoza njira yogwiritsa ntchito magawo awiri a chloroform ndi gawo limodzi la methanol. Methanol amamasula mafuta omatirira ku mapuloteni, ndipo chloroform amawasungunula. Akathiramo madzi amchere, zonsezo zimagawikana pawiri, mafuta n'kukhala m'gawo la pansi. M'chaka cha 1959, E. G. Bligh ndi W. J. Dyer, omwe ankagwira ntchito yofufuza za nsomba ku Halifax m'dziko la Canada, anafotokoza njira yofanana nayo koma yofulumira ndiponso yofuna mankhwala ochepa. Iwo anaipangira mnofu wa nsomba, umene uli ndi madzi ambiri ndi mafuta ochepa. Pa chinthu cha mafuta ambiri ngati chiwindi, pamafunika kuwonjezera mankhwala kuti mafuta onse atuluke. Vuto la njira ziwirizi ndi lakuti chloroform ndi woopsa pa thanzi la munthu, choncho njirazi ndi zoyezera m'labotale osati zopangira mafuta odya.

M'chaka cha 1974, Edward Randall anasintha njira ya Soxhlet kuti kathumba kaziyamba kamizidwa mumankhwala owira, zomwe zinafupikitsa nthawi kwambiri. Makina ambiri amakono oyezera mafuta amatsatira kusinthaku. Palinso njira yogwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide wopanikizidwa kwambiri, yomwe siisiya mankhwala oipa m'mafuta koma makina ake ndi okwera mtengo. Akatswiri akamayesa njira yatsopano, kawirikawiri amayerekeza zotsatira zake ndi za chipangizo cha Soxhlet kuti aone ngati yatulutsa mafuta okwanira.

Imfa yake ndi chikumbutso

Soxhlet anamwalira ku Munich pa 5 Meyi 1926 ali ndi zaka 78. Anaikidwa m'manda ku Pöcking, pafupi ndi nyanja ya Starnberg, kummwera kwa Munich. Mumzinda wa Munich muli msewu wotchedwa Soxhletstraße pomukumbukira.

Chida chake chowiritsira mkaka wa makanda chinasiya kugwiritsidwa ntchito pamene makampani anayamba kugulitsa mkaka wotenthetsedwa kale komanso mafiriji atafala. Chipangizo choyezera mafuta chikupangidwabe, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni kuchokera mu 1879. Chimapezeka m'malabotale a mayunivesite, m'mabungwe oona za miyezo ya zakudya, ndi m'makampani opanga zakudya za anthu ndi za ziweto. Chimagwiritsidwanso ntchito pochotsa mankhwala m'masamba ndi m'makungwa a zitsamba, komanso poyeza mankhwala ophera tizilombo amene atsalira m'nthaka ndi m'nsomba.